Funsani za Foni: Bandulo ya Agogo, Manambala Asanu ndi Limodzi, ndi Zina

Makalata a mwezi uno ambiri achokera kwa akuluakulu amene analandira mafoni kuchokera kwa ana awo. Pakauntala panga m'tauni muno mu Harare, pomwe ndimakonzera mafoni, mafunso ake amakhalanso omwewa, ndipo ambiri amafunsa monong'ona, maso ali kuchitseko. Musamanong'one, makolo anga. Mawu a pa intanetiwa anabwera ndi mafoni, palibe amene anabadwa akuwadziwa.

"Mwana wanga wa ku Johannesburg ananditumizira foni yokhudza pagalasi. Mdzukulu wanga amandigulira bandulo ya WhatsApp, ndipo ndimacheza bwinobwino ndi mng'ono wanga ku Ntcheu. Koma Lamlungu lapitali a kumpingo anatumiza timalemba tabuluu kuti tikhudze timvere kwaya. Ine kukhudza, foni inangozungulirazungulira osatsegula kanthu. Mdzukulu akuti ndilibe data. Nanga bandulo ija si data? Kodi intaneti si WhatsApp yomweyi?" Agogo aakazi, Mufakose.

Zikomo agogo. Foni yanu ilibe vuto, ndipo mdzukulu wanu wanena zoona, kungoti wanena mwachidule.

Intaneti sikhala m'kati mwa foni. Ndi makompyuta ndi mafoni a padziko lonse amene analumikizidwa ndi zingwe komanso nsanja za netiweki, zija anzathu kuno amazitcha booster. Mukajambula mawu opita ku Ntcheu, foni imawaponya ku nsanja yapafupi ku Mufakose komweko. Kuchoka apo amalowa m'zingwe zokwiriridwa pansi, zija munaona akukumbira m'mbali mwa misewu, n'kukafika ku makompyuta aakulu a kampani ya WhatsApp kunja kwa dziko lino. Makompyuta amenewa amatchedwa ma server. Iwo ndi amene amapereka uthengawo ku netiweki ya Airtel kapena TNM, mpaka foni ya achemwali anu ilire. Ulendo wonsewu umatha musanaike foni pansi.

Popeza Zimbabwe ndi Malawi alibe gombe, zingwe zathu zimadutsa m'mayiko oyandikana nawo, monga Mozambique, South Africa ndi Tanzania, kukakumana ndi zingwe zikuluzikulu zoyalidwa pansi pa nyanja ya mchere. N'chifukwa chake mu Meyi 2024, zingwe ziwiri za pansi pa nyanja zitaduka, abale athu ku Malawi anavutika ndi intaneti kwa masiku angapo pomwe mafoni awo anali bwinobwino.

WhatsApp ndi pulogalamu imodzi chabe yoyenda pa intanetipo. Mapulogalamu a m'foni otere achinyamata amawatcha ma app. Inayamba mu 2009, ndipo mu 2014 inagulidwa ndi kampani ya Facebook, imene pano ikutchedwa Meta. Timalemba tabuluu tija dzina lake ndi linki. Ntchito ya linki ndi kukutulutsani pomwe muli n'kukupititsani kwina. Ndikhulupirira kwaya yanuyo anaiika pa YouTube, ndipo YouTube ndi ya kampani ina, ya Google. Bandulo ya WhatsApp inalipiridwa kuti itsegule WhatsApp basi. Mutakhudza linki munatuluka m'malo amene munalipirira, n'chifukwa chake foni inangozungulira.

Tsono data. Agogo, mumadziwa mita ya magetsi ya ZESA, ija timagula tokeni n'kulowetsa manambala. Babu limadya pang'ono, mbaula yamagetsi imadya kwambiri, ndipo mayunitsi akatha nyumba imada ngakhale mawaya ali m'malo mwake. Data imayenda chimodzimodzi. Chilichonse cholowa kapena kutuluka m'foni kudzera pa intaneti chimayezedwa, ndipo muyeso wake ndi MB ndi GB. GB imodzi ndi ma MB pafupifupi 1,000. Uthenga wolemba umadya kachinthu kosaoneka n'komwe. Mawu ojambula amadya mokulirapo, chithunzi chimaposa pamenepo, koma chilombo chenicheni ndi vidiyo. Vidiyo imodzi ya mphindi zochepa ikhoza kudya data yomwe ikanakwanira mauthenga olemba a mwezi wathunthu.

Apa ndi pomwe ndalama za akuluakulu ambiri zimathera, ndipo zimandiwawa. Mayi wina wogulitsa tomato ku Mbare Musika anabwera pakauntala panga akuti foni yake ikuba ndalama. Nditatsegula, ndinapeza ali m'magulu a WhatsApp a mpingo, a maliro, a chipereganyu ndi a makolo a kusukulu. Vidiyo iliyonse yotumizidwa m'magulumo, ya ulaliki, ya ngozi za pamsewu, ya anthu ovina paukwati wa anthu osawadziwa, foni inkaikoka yokha, mwini wake ali kalikiliki kuwerenga tchenji. Kukoka chinthu kuchokera pa intaneti kuti chikhale m'foni mwanu ndi kumene amati kudawuniloda. Muuzeni mdzukulu wanu atsegule WhatsApp, apite pa Settings, kenako Storage and data. Pansi pa Media auto-download, pamene palembedwa When using mobile data, achotse zizindikiro zonse, makamaka pa Videos. Akatero, zithunzi ndi mavidiyo zidzalowa m'foni pokhapokha inuyo mutazikhudza.

Chinanso, mayunitsi oimbira foni ndi bandulo n'zosiyana, ngakhale bandulo timaigula ndi mayunitsi omwewo. Bandulo ikatha inu osadziwa, foni ikhoza kuyamba kudya mayunitsi aja, ndipo mtengo wake umakhala wokwera. Bandulo iliyonse ilinso ndi tsiku lothera, kaya ya tsiku limodzi, ya sabata kapena ya mwezi, ndipo nthawi ikakwana zotsala nthawi zambiri zimapita. Kwa inu agogo, ndikadakonda mukhalebe ndi bandulo ya WhatsApp ya mwezi, ndipo tsiku lofuna kumvera kwaya mdzukulu akuonjezereni kabandulo ka data wamba ka tsiku limodzi. Apo ayi, pemphani a kumpingo atumize nyimboyo m'gulu momwemo osati linki. Ndikudziwa kuti simuli nokha amene munalephera kumvera Lamlungu limenelo.

"Mwana wanga wa Fomu 4 akundikakamiza kuti tiike WiFi pakhomo. Kodi WiFi ndi intaneti yaulere monga akunenera anzake?" Bambo wa ana anayi, Highfield.

Ayi achimwene, si yaulere. WiFi ndi njira yolumikizira foni kapena kompyuta ku kabokosi kotchedwa rauta popanda waya, ndipo mphamvu yake imathera pabwalo pa nyumba. Kabokosiko pakokha kalibe intaneti. Kamaitenga kwa kampani imene mwalipira, kaya kudzera pa chingwe monga cha TelOne kapena Liquid, kaya pa simu kadi yomwe imalowetsedwa m'kabokosimo, kaya pa mbale yoyang'ana kumwamba ya Starlink, yomwe inaloledwa kuno mu 2024. WiFi ya m'sitolo kapena kuntchito imaoneka yaulere chifukwa wina analipira kale.

Ngati pakhomo panu anthu anayi kapena asanu amagula bandulo aliyense payekha, khalani pansi muwonkhetse ndalama za mwezi umodzi. Kawirikawiri kulipira malo amodzi kumatchipa. Koma kumbukirani kuti rauta imafuna magetsi, ndiye ikathima ZESA nayonso yathima, pokhapokha muli ndi sola kapena kabatire. Muikenso pasiwedi yovuta kuiganizira, osati dzina la mwana kapena nambala ya nyumba, chifukwa mukapanda kutero mudzalipirira mzere wonse wa nyumba. Mwanayo ali ndi mfundo, mapepala a mayeso akale ndi maphunziro ambiri ali pa intaneti. Kungoti malire a nthawi muike ndinu.

"Ndinalandira uthenga kuchokera pa nambala ya mlamu wanga wakuti, ndakutumizirani manambala asanu ndi limodzi molakwitsa, chonde ndibwezereni msanga. Ndinaona SMS yabweradi, ndiye ndinamutumizira. Pasanathe mphindi zisanu WhatsApp yanga inatseka. Madzulo ake anthu a kumpingo anayamba kundiimbira kuti bwanji ndikupempha ndalama za chipatala pomwe ndili bwino. Mayi wina anatumizadi. Ndikuchita manyazi kupita kutchalitchi. Ndinalakwa pati, ndipo nditani?" Mayi wa Chigwirizano, Mabvuku.

Pepani kwambiri mayi. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi choyamba: Lamlungu mupite kutchalitchi. Wakuba ndi amene anakunamizaniyo. Inu munangothandiza munthu amene mumaganiza kuti ndi mlamu wanu.

Zinayenda motere. Akaunti yanu ya WhatsApp imamangirizidwa ku nambala yanu ya foni. Munthu akafuna kutsegula WhatsApp pa foni yatsopano, amalemba nambala, ndipo kampaniyo imatumiza manambala asanu ndi limodzi pa SMS ku nambala imeneyo, pofuna kutsimikiza kuti mwini wake ndi yemweyo. Wakubayo analemba nambala yanu pa foni yake. SMS inabwera kwa inu chifukwa simu kadi ili ndi inu. Chomwe chinkamusowa ndi manambalawo basi, ndipo anawapempha kudzera pa akaunti ya mlamu wanu, yomwe anali ataiba kale mwa njira yomweyi. Atangowalowetsa, WhatsApp inaona ngati mwasamukira pa foni ina, n'kutseka yanuyo. Iye anapeza magulu anu onse ndi manambala a anthu a m'magulumo, n'kuyamba kuwalembera m'dzina lanu.

Chochita lero lomwe: tsegulani WhatsApp, lembaninso nambala yanu, dikirani SMS yatsopano, mulowetse manambalawo nokha. Mukangotero, wakubayo amatulutsidwa. Ngati anaikamo PIN yake, WhatsApp idzakufunsani PIN imene simukuidziwa. Musataye mtima, pakatha masiku 7 mudzatha kulowa popanda PIN imeneyo, ndipo pa nthawi yodikirayi iye amakhala atatulutsidwa kale. Pakali pano imbirani foni abusa, atsogoleri a Chigwirizano ndi abale, alengeze m'magulu onse kuti uthenga wopempha ndalama si wanu. Mlamu wanu mumuimbirenso, mwina sakudziwa n'komwe. Mayi amene anatumiza ndalama uja asafufute uthenga wotsimikizira kuti ndalama zapita. Apite nawo ku ofesi ya kampani yomwe anatumizira komanso kupolisi, chifukwa pa uthengawo pamaoneka nambala imene inalandira.

Akaunti ikabwerera, pitani pa Settings, Account, Two-step verification, muike PIN yanu ya manambala asanu ndi limodzi. Ikakhalapo, ngakhale wina atapeza manambala a pa SMS, sangalowe msanga. Musasankhe tsiku lobadwa kapena 123456. Ilembeni m'kope limene limakhala kunyumba, osati kuseri kwa foni.

Owerenga ena nonse, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Manambala obwera pa SMS, amene ena amawatcha OTP kapena code, ndi anu nokha. PIN ya EcoCash, ya OneMoney, ya kubanki, kapena ya Airtel Money ndi Mpamba kwa a kumudzi, ndi yanu nokha. Wogwira ntchito weniweni wa kampani ya mafoni kapena banki sakufunsani PIN pa foni. Wina akalemba kuti watumiza ndalama molakwitsa, musakhulupirire SMS yokhayo, yang'anani kaye ndalama zimene zili mu akaunti yanu. Ndipo m'bale akapempha ndalama pa uthenga wolemba, muimbireni mumve mawu ake. Akuba amenewa amadalira changu, n'chifukwa chake mauthenga awo onse amati msanga, pompano, ndili pachipatala. Mphindi imodzi yoimba foni imawasokoneza.

Za malinki ndinenenso pomwepa. Uthenga wakuti kampani yakutiyakuti ikugawa data yaulere kapena ikulemba ntchito, dinani apa n'kutumiza kwa anthu khumi, ndi msampha. Adiresi ya webusaiti muziiwerenga bwino musanalembepo chilichonse. Za kuno zambiri zimathera ndi .co.zw kapena .gov.zw, za ku Malawi ndi .mw, ndipo akuba amakonda kusintha chilembo chimodzi pa dzina lodziwika. Chizindikiro cha loko ndi zilembo za https zimangotanthauza kuti zimene mukulemba sizikuwerengedwa panjira. Sizitsimikizira kuti mwini webusaitiyo ndi wokhulupirika.

"Pamwamba pa foni yanga pamalembedwa 4G, nthawi zina H+, nthawi zina E. Zikutanthauza chiyani? Nanga bwanji magetsi akathima nthawi yaitali intaneti imafooka pomwe batire langa ndi lodzaza?" Mnyamata woyendetsa kombi, Dzivarasekwa.

Mphwanga, zilembozo zikukuuza liwiro. E ndi 2G, yakale, yokwanira mauthenga olemba basi. H ndi H+ ndi 3G. 4G kapena LTE ndi yothamanga, yoonera vidiyo osadukiza. 5G inayamba kupezeka m'madera ena a Harare mu 2022, koma imafuna foni yopangidwira zimenezo. Ukamayenda ndi kombi foni imadumpha kuchoka pa nsanja ina kupita pa ina, n'chifukwa chake zilembo zimasinthasintha. Nsanjazo nazo zimadya magetsi. Akathima zimadalira mabatire, sola kapena jenereta, ndipo izi zikafooka anthu a dera lonse amaunjikana pa nsanja yotsala. Dziwanso kuti pa 4G bandulo imaoneka yosachedwa kutha, popeza mavidiyo amatseguka msanga ndipo YouTube imasankha yokha chithunzi chowala kwambiri. Ukatsitsa Quality, kuwala kwa chithunzi mu YouTube, kufika pa 360p udzaona kusintha. Koma foniyo uziiona ukaima pa renki, osati uli pa chiwongolero.

"Anandibera foni pokwera basi ku Roadport ndikupita kumaliro ku Blantyre. Munali zithunzi za malemu mayi anga ndi manambala onse a abale. Mnzanga akuti mwina zili mu cloud. Cloud ndi chiyani, ndipo ndingazipeze bwanji?" Mayi wa ku Epworth.

Pepani ndi zonse ziwiri, achemwali, maliro ndi kuberedwa. Cloud ndi makompyuta a makampani monga Google kapena Apple, osungidwa m'nyumba zikuluzikulu, momwe foni yanu imatha kutumizako kope la zithunzi ndi manambala. Foni ikabedwa kope lija limatsala komweko. Kuti mulipeze pamafunika zinthu ziwiri: adiresi ya imelo ndi pasiwedi yake.

Ngati foniyo inali ya Android, monga Itel, Tecno kapena Samsung, mosakayika inali ndi akaunti ya Google, yothera ndi @gmail.com, chifukwa popanda iyo simukanatha kutenga mapulogalamu pa Play Store. Vuto limene ndimakumana nalo pafupifupi tsiku lililonse ndi lakuti akauntiyo anaitsegula ndi mnyamata wogulitsa foni, kapena mwana wa mnansi, mwini foni osauzidwa dzina lake ngakhale pasiwedi. Anzanga a ntchito yanga, khalidwe limeneli tisiye. Munthu akagula foni, mulembereni imelo ndi pasiwedi papepala, mumuuze kuti akasunge pamodzi ndi chitupa.

Inuyo yambani ndi simu kadi. Pitani ndi chitupa chanu ku ofesi ya kampani yanu ya foni, atseke yobedwayo n'kukupatsani ina ya nambala yomweyo. Izi ziteteza ndalama zanu za pa foni ndi WhatsApp yanu. Kenako funsani amene anakutsegulirani foni ija ngati akukumbukira imelo. Mukaidziwa koma pasiwedi mwaiwala, dinani Forgot password, ndipo ngati nambala yanu inalembedwa pa akauntiyo, Google idzatumiza manambala otsimikizira pa simu kadi yatsopanoyo. Mukalowa, manambala a abale amene anasungidwa ku akaunti adzabwera okha. Zithunzi mukaziyang'ane mu Google Photos. Zidzapezeka ngati Backup, yomwe imatumiza kope la zithunzi ku cloud, inali yoyatsa, ndipo sindikufuna kukulonjezani zambiri, chifukwa anthu ambiri amaizimitsa poopa kutha kwa data. Google imapereka 15 GB yaulere pa akaunti iliyonse, ndipo mukhoza kuiuza foni kuti izitumiza zithunzi pokhapokha ili pa WiFi.

Zikakanika, pali njira ina imene yathandizapo ambiri. Chithunzi chilichonse cha amayi chomwe munatumizirapo munthu pa WhatsApp chikhoza kukhala chikadali m'foni mwa munthuyo. Lembani m'gulu la banja, kwa a ku Blantyre, a ku Bulawayo ndi a ku Joni, kuti aliyense amene ali ndi chithunzi cha malemu akutumizireni. Posunganso manambala a ku Malawi muziyamba ndi +265 n'kuchotsa 0 woyambirira, a kuno +263, apo ayi a ku Malawiwo sadzaoneka pa WhatsApp. Ndipo zithunzi ziwiri kapena zitatu zimene mumazikonda kwambiri mukazitsukitse pa situdiyo m'tauni, zikhale papepala.

Mafunso okhudza kutumiza ndalama kumudzi pa foni abwera ambiri, moti ndawasungira mwezi wamawa. Polemba muzitchula mtundu wa foni yanu ndi netiweki imene mumagwiritsa ntchito, koma PIN kapena pasiwedi musaike m'kalata, ngakhale yobwera kwa ine.